Tunnel ikuoneka yamoyo, nanga mapaketi akudzera kuti?

Pali dandaulo lina limene oyang'anira manetiweki amalimva kawirikawiri. Ogwira ntchito ku nthambi ya kampani akuimba foni kuti pulogalamu ya maakaunti siikutseguka. Injiniya akayang'ana pa sikirini yake, zonse zili mwakemwake: tunnel, njira yopangidwa ndi mapulogalamu yolumikiza nthambiyo ndi likulu, ikulemba kuti up, kutanthauza kuti ndi yamoyo, ping yoyesera ngati makina a kutali akumva ikuyankha, palibe alamu yalira. Odandaulawo sakunama, sikirininso siikunama. Kungoti sikirini ikuyankha funso losiyana ndi limene anthuwo akufunsa.

Zikatere, kawirikawiri pamakhala pakumana zinthu ziwiri: tunnel ndi policy-based routing, imene ambiri amangoitchula kuti PBR, kutanthauza kusankhira uthenga njira potsata malamulo amene woyang'anira walemba. Chilichonse pachokha n'chosavuta kumva. Vuto limabwera zikaphatikizana, chifukwa chilichonse chili ndi kalepheredwe kake kamene sikachita phokoso.

Rauta ikasiyidwa yokha imayang'ana chinthu chimodzi

Uthenga uliwonse woyenda pa intaneti umadulidwa m'tizidutswa totchedwa mapaketi. Paketi iliyonse imanyamula maadiresi awiri kumutu kwake, ya kumene yachokera ndi ya kumene ikupita. Kalembedwe kameneka kanakhazikitsidwa mu 1981 m'chikalata cha RFC 791, chimodzi mwa zikalata zofotokoza kayendedwe ka intaneti, ndipo IPv4, mtundu wa maadiresi ngati 10.20.0.5, ikuyendabe pa maziko omwewo.

Rauta ndi makina okhala pa mphambano. Ikalandira paketi imawerenga adiresi ya kumene ikupita n'kuifananiza ndi tebulo lake la njira. Mizere ingapo ikagwirizana ndi adiresiyo, imasankha mzere wolunjika kwambiri, woimira gulu laling'ono la maadiresi: paketi yopita ku 10.20.0.5 imatsata mzere wa 10.20.0.0/24, osati wa 10.0.0.0/8, ngakhale yonse iwiri ikuikhudza. Zili ngati wosankhula makalata ku positi ofesi. Alibe nazo ntchito zoti kalatayo walemba ndani kapena muli nkhani yanji. Amangowerenga keyala ya wolandira n'kuponya kalatayo m'thumba lake.

Kukoma kwa kachitidwe kameneka n'koti zonse zili poyera. Mukafuna kudziwa kumene paketi ilowere, mumatsegula tebulo n'kuwerenga. Komanso ngati tebulolo likudzazidwa ndi OSPF kapena BGP, zimene marauta amagwiritsa ntchito pouzana njira, limadzikonza lokha: njira ikaduka marauta amauzana, mzere wakufawo umachotsedwa, wina n'kulowa m'malo. Mfundo imeneyi muigwiritsitse, chifukwa PBR payokha ilibe khalidwe limeneli.

PBR: lamulo loima patsogolo pa tebulo

Nthawi zina adiresi ya wolandira siikwanira. Kampani ingafune kuti mafoni a pa intaneti azidzera pa laini yachangu, mafayilo akuluakulu azidzera pa ina. Ingafunenso kuti makompyuta a dipatimenti ya zachuma asatulukire pa intaneti pomwepo, koma ayambe adutsa ku likulu kumene kuli firewall, chida chosefa mapaketi pofuna chitetezo. Apa m'pamene woyang'anira amalemba malamulo oyang'ana zina: kumene paketi yachokera, nambala ya port imene imasonyeza ntchito imene paketiyo ikupitira, kukula kwake, kapena chizindikiro chimene yaikidwa. Paketi ikagwirizana ndi lamulo, imapita kumene lamulolo lanena, tebulo lalikulu lija osafunsidwa.

Taganizirani wapolisi waima pa mphambano, akuuza magalimoto onse onyamula mafuta kuti akhotere kumanzere. Zikwangwani zikadali pomwepo, ndipo magalimoto ena akuzitsata. Munthu amene akuwerenga mapu ali kutali sangadziwe kuti matanka akudzera kwina. Choopsa kwambiri n'choti wapolisiyo sakudziwa ngati mlatho wa msewu wa kumanzerewo wakokoloka. Pokhapokha wina atamuuza, iye azingokhotetsa magalimoto.

Cisco inaika PBR mu IOS, pulogalamu yoyendetsa marauta ake, chapakati pa zaka za m'ma 1990, pogwiritsa ntchito route-map. Mzere wa match umanena mapaketi oti agwidwe, mzere wa set umanena kowatumiza, ndipo zonsezo zimamatidwa pa interface, lomwe ndi khomo lolowera kapena kutulukira mapaketi, ndi lamulo la ip policy route-map. Ku Linux zinafika mu 1999 ndi mtundu wa 2.2 wa kernel, yomwe ndi mtima wa Linux, makamaka kudzera mu ntchito ya Alexey Kuznetsov, yemwenso analemba iproute2, gulu la zida kumene kuli malamulo a ip. Kumeneko kaganizidwe kake n'kosiyanako: matebulo a njira amakhala ambiri, ndipo ip rule ndiyo imasankha tebulo loti liwerengedwe. Makina atsopano amabwera ndi malamulo atatu, pa nambala 0, 32766 ndi 32767, oloza ku matebulo a local, main ndi default. Lamulo la nambala yaing'ono ndilo limayamba kufunsidwa.

Tunnel: kalata m'kati mwa envulopu ina

Tunnel si waya. Ndi pangano la makina awiri loti paketi iliyonse yopita tsidya lina aziikuta ndi mutu watsopano, ngati kutenga kalata yomatamata kale n'kuilowetsa mu envulopu yachiwiri yolembedwa keyala ina. Marauta a pakati amangoona envulopu yakunja. Wolandira amaing'amba, n'kupititsa yam'katiyo kumene ikuyenera.

Mitundu yake ilipo ingapo. GRE inafotokozedwa koyamba mu RFC 1701 mu 1994, n'kukonzedwanso mu RFC 2784 mu 2000, ndipo imadziwika ndi nambala ya protocol 47. Payokha siibisa uthenga. IPsec, imene zikalata zake zoyamba zinatuluka mu 1995, ndiyo imabisa, ndipo nthawi zambiri amaziphatikiza ziwirizi. WireGuard ya Jason Donenfeld, imene nayonso imabisa uthenga, inalowa mu kernel ya Linux 5.6 mu 2020.

Kwa rauta, tunnel imaoneka ngati interface wamba: ili ndi dzina, monga Tunnel0, gre1 kapena wg0, ili ndi adiresi, ili ndi zowerengera zake. Ndiye n'zachibadwa kuti lamulo la PBR lizinena kuti mapaketi akutiakuti alowe mu Tunnel0. Ngakhale wg-quick, chida choyatsira WireGuard, chimachita zomwezi mukachiuza kuti chilichonse chidzere mu tunnel: chimapanga tebulo lapadera la nambala 51820 ndi malamulo a ip rule. Anthu ambiri amene amayatsa WireGuard pa Linux akugwiritsa ntchito PBR osadziwa.

Pano ndipatukeko pang'ono, chifukwa pali dzina limene limasokoneza ambiri. Policy-based VPN si PBR ayi. Ndi kakhazikitsidwe ka IPsec kamene mndandanda wa malamulo achitetezo ndiwo umasankha mapaketi oti abisidwe, popanda interface ya tunnel. Kumene kuli interface yooneka amati route-based VPN, ndipo nkhani yathu ili kumeneko.

Mawu oti up amatanthauza chiyani kwenikweni

Apa m'pamene pagona nkhani. Pa waya weniweni, up amatanthauza kuti makina akumva chizindikiro cha magetsi kapena kuwala kuchokera tsidya lina. Mukasolola wayayo, nyali imazima. Tunnel ilibe waya woti usololedwe. Pa rauta ya Cisco, tunnel ya GRE imadziyesa yamoyo malinga interface yoyambira ili bwino ndipo m'tebulo muli njira yopita ku adiresi ya tsidya linalo. Rauta ya tsidyalo ikhoza kukhala itazima kuyambira dzulo, kuno kukulembedwabe up. Pa Linux, mukalemba ip link, tunnel ya GRE kapena ya WireGuard imaonetsa state UNKNOWN, kusonyeza kuti kernel siikulonjeza kanthu za tsidya linalo.

Zili ngati kuona chitseko cha nyumba chili chotsegula n'kuganiza kuti eni ake alimo.

Ndiye panafunika njira zogogodera. GRE keepalive ya Cisco imatumiza kapaketi masekondi 10 alionse ngati simunasinthe, ndipo ikalephera katatu motsatizana tunnel imalembedwa down. Mapangidwe ake ndi anzeru: yankho limakhala litakonzedweratu m'kati mwa funso, moti wa tsidya linalo amangoling'amba n'kulibweza ngati paketi wamba. Koma imagwira ntchito pa tunnel ya makina awiri okha, osati ya nthambi zambiri. IPsec ili ndi Dead Peer Detection ya mu RFC 3706 ya 2004. BFD ya mu RFC 5880 ya 2010 imagogoda mofulumira kwambiri, moti imatha kuzindikira kuduka sekondi isanathe.

WireGuard inasankha kukhala chete. Ngati palibe chotumiza, siitumiza kanthu. Lamulo la wg show limaonetsa nthawi imene mbali ziwirizo zinapatsana moni komaliza, ndipo uthenga ukamayenda moniyo amabwerezedwa pafupifupi mphindi ziwiri zilizonse. Koma mukaona kuti patha ola, musafulumire kulengeza kuti yafa. Mwina panalibe amene ankaigwiritsa ntchito. Mukatchera PersistentKeepalive, imene ambiri amaiika pa masekondi 25, m'pamene kukalamba kwa moni kumakhala chizindikiro chodalirika.

Lamulo limagwira mapaketi ati, ndipo pa khomo liti

Pa Cisco, PBR imayang'ana mapaketi olowa pa interface imene yamatidwapo, osati otuluka. Mukafuna kuti makompyuta a mu ofesi alowe mu tunnel, lamulo limaikidwa pa khomo loyang'ana ku ofesiko. Mukaliika pa Tunnel0, ligwira mapaketi amene abwera kuchokera tsidya lina ataving'ulidwa kale. Zonse ziwiri zili ndi ntchito yake, koma munthu akazisokoneza amatha tsiku akuyang'ana chowerengera chimene sichikusuntha.

Chachiwiri n'chimene chinapusitsa injiniya wathu wa poyamba uja. Mapaketi amene rauta yapanga yokha salowera pa khomo lililonse, choncho lamulo la pa interface siliwakhudza. Ping imene Mike Muuss analemba mu 1983 ndi traceroute ya Van Jacobson ya 1987, yoonetsa marauta amene paketi ikudutsa, ndi zida zabwino, koma mukaziyendetsa muli pa rauta pomwepo, zimatsata tebulo lalikulu. Zikuyeza msewu wa zikwangwani uja, pamene anthu odandaulawo akukhotetsedwa ndi wapolisi. Cisco ili ndi lamulo lapadera la ip local policy route-map la mapaketi oterewa. Ngakhale zili choncho, ngati lamulo lanu limagwira TCP ya port 443 yochokera ku 10.1.1.0/24, ping siingagwidwe, chifukwa mapaketi ake ndi a mtundu wina wotchedwa ICMP, osati TCP, ndipo yachokera ku adiresi ina. Kwa ine iyi ndiyo mfundo yaikulu pa nkhani yonseyi: choyezera chiyenera kuvala ngati mapaketi enieniwo, kuchokera komwe amachokera, pa port yomwe amagwiritsa ntchito.

Linux imalola kufunsa kernel mwachindunji popanda kutumiza kanthu:

ip route get 10.20.0.5 from 10.1.1.7 iif eth1

Yankho lake limatchula interface yotulukira ndi tebulo limene lagamula. Ngati malamulo anu amadalira chizindikiro cha fwmark, chimene firewall ya Linux imaika pa paketi, muwonjezere mark ndi nambala yake, apo ayi muyankhidwa za paketi ina.

Njira ikafa, mapaketi amatani

Tiyerekeze kuti pa rauta ya Linux mwalemba mizere iwiri iyi:

ip rule add from 10.1.1.0/24 table 100
ip route add default dev gre1 table 100

Zonse zikuyenda. Usiku wina munthu akutsitsa gre1 kwa masekondi ochepa n'kuidzutsanso. Interface ikatsika, kernel imachotsa njira za IPv4 zodzera pamenepo, ndipo ikadzuka siizibwezeretsa yokha, pokhapokha pali pulogalamu yoziikanso. Tsopano lamulo lija likadalipo, koma tebulo 100 lili mbee. Kernel ikapanda kupezamo njira siidandaula: imapita ku lamulo lotsatira, mpaka kukafika ku main. M'mawa anthu akutsegula makompyuta, intaneti ikugwira ntchito, palibe woimba foni. Koma mapaketi amene amayenera kudutsa ku firewall ya ku likulu akutulukira pa khomo wamba. Ikanakhala tunnel yobisa uthenga, bwenzi tsopano akuyenda osabisidwa. Gre1 ili bwinobwino, lamulo lili m'malo mwake, ndipo chimene chasowa ndi mzere umodzi m'tebulo limene anthu ambiri saliyang'ana, chifukwa ip route show payokha imangoonetsa main.

Kulephera kwina n'kotembenuza kwake. Tunnel ikulembabe up pamene tsidya lina kwazima, ndiye lamulo likupitiriza kuponya mapaketi m'dzenje. Ili ndilo vuto la injiniya uja. Pa Cisco mankhwala ake ndi kumangirira lamulo ku choyezera: IP SLA imagogoda tsidya lina la tunnel, track imasunga zotsatira, ndipo set ip next-hop verify-availability imapangitsa kuti njirayo igwiritsidwe ntchito pokhapokha track ikuti kuli moyo. Apa ndiye kuti wapolisi uja wapatsidwa wailesi.

Koma wailesiyo ikanena kuti mlatho wapita, magalimoto apite kuti? Ena amafuna abwerere ku tebulo lalikulu kuti ntchito isaime. Ena amafuna atayidwe, chifukwa kwa iwo kuima kwa ntchito n'kwabwino kusiyana ndi kutuluka kwa uthenga osabisidwa. Ofuna zachiwirizi amaika set interface Null0 kumapeto pa Cisco, kapena njira ya blackhole kapena unreachable ya metric yaikulu, kuti izisankhidwa pomaliza, m'tebulo 100 pa Linux. Mbali zonse zili ndi zifukwa zomveka. Chofunika kwa wowunika n'kudziwa kuti netiweki yake inasankha ziti, chifukwa zizindikiro zake n'zosiyana: kwinaku anthu amakuwa, kwinaku kuli zii.

Zowerengera, ndi zimene sizinena

Lamulo la show route-map limaonetsa mzere wa Policy routing matches, wokhala ndi chiwerengero cha mapaketi ndi mabayiti. Ndi poyambira pabwino, komabe nambalayo imangonena kuti mapaketi anagwirizana ndi lamulo. Siinena kuti anafika. Ndiponso pa makina ena amene amatumiza mapaketi ndi tchipi chapadera osadzera ku CPU, chowerengera chimenechi chimatha kukhala pa ziro PBR ikugwira ntchito. Palinso debug ip policy, imene imaonetsa chigamulo cha paketi iliyonse, koma pa rauta yotanganidwa imalemetsa CPU, choncho siyoti n'kuisiya yoyaka. Ku Linux, ip rule ilibe zowerengera n'komwe, ndiye anthu amaika counter pa lamulo la nftables kapena iptables limene limaika chizindikiro.

SNMP, njira yofunsira makina a pa netiweki ziwerengero zawo, imene inafotokozedwa mu RFC 1157 mu 1990, imatola ziwerengero za interface kudzera mu IF-MIB ya mu RFC 2863. Pa tunnel, chothandiza kwambiri si ifOperStatus, imene imangonena up kapena down, koma kufananiza zotuluka ndi zolowa. Zotuluka zikamakwera, zolowa zitaima njii, ndiye kuti mukulankhula nokha. Pali misampha iwiri yodziwika. Zowerengera zakale za mabiti 32 zimadzaza n'kuyambiranso pa ziro m'masekondi pafupifupi 34 pa laini ya 1 Gbps yodzaza, choncho gwiritsani ntchito za mabiti 64 monga ifHCInOctets. Winawo ndi ifIndex, nambala imene SNMP imadziwira interface. Tunnel ikafufutidwa n'kupangidwanso, kapena rauta ikayambitsidwanso, nambalayo ikhoza kusintha, galafu yanu n'kumajambula interface ina dzina lili lomwelo.

Chimene chimayandikira kwambiri kuyankha funso loti mapaketi anadzera kuti ndi zolemba za flow, zimene zimasunga chidule cha kulumikizana kulikonse kodutsa pa rauta. NetFlow inachokera ku Cisco m'ma 1990, mtundu wake wa 9 unalembedwa mu RFC 3954 mu 2004, ndipo IPFIX ya mu RFC 7011 inatuluka mu 2013. Cholemba chilichonse chimatha kutchula wotumiza, wolandira, port, khomo lolowera ndi lotulukira. Mukaona mapaketi a 10.1.1.0/24 akutulukira pa khomo la intaneti m'malo mwa tunnel, mwagwira kutayikira kuja kumene palibe amene akanaimbira foni. Koma malo otolera ndi ofunika. Pa interface yeniyeni mudzangoona mtsinje umodzi wa protocol 47 kapena wa ESP, envulopu ya IPsec, pakati pa maadiresi awiri, kutanthauza maenvulopu akunja okhaokha. Zam'kati zimaonekera pa interface ya tunnel.

Kukula kwa paketi ndi njira yobwerera

Envulopu yachiwiri imadya malo. GRE imawonjezera mabayiti 24, moti pa laini imene MTU yake, kutanthauza malire a kukula kwa paketi, ndi mabayiti 1500, pamatsala 1476. Wg-quick nthawi zambiri imaika 1420. Paketi ikakula kuposa pamenepo ndipo ili ndi chizindikiro choletsa kuidula, rauta imayenera kubweza uthenga wa ICMP, monga mwa RFC 1191 ya 1990. Firewall ina ikameza uthengawo, ping yaing'ono imadutsa, kulumikizana kumayamba, koma tsamba limangozungulira osatseguka. N'chifukwa chake choyezera china chiyenera kutumiza mapaketi aakulu osaloledwa kudulidwa, ndipo ambiri amachepetsa MSS, malire a uthenga umene TCP imaika mu paketi imodzi, pa tunnel, mwachitsanzo kufika 1436 pa GRE.

PBR imalamuliranso ulendo wopita wokha. Yankho limabwera malinga ndi matebulo a tsidya linalo. Likabwerera njira ina, firewall yosunga mbiri ya kulumikizana ikhoza kulikana chifukwa sinaone chiyambi chake. Pa Linux, rp_filter ikakhala pa 1 imataya paketi imene yalowera pa khomo losiyana ndi limene kernel ikanayankhirapo. Mukayatsa log_martians, zotayidwazo zimalembedwa.

Mafunso amene akadali poyera

Kugogoda kuzichitika mofulumira bwanji? BFD ikhoza kuzindikira kuduka mwamsangamsanga, koma tunnel yodutsa pa intaneti imataya mapaketi apa ndi apo ngakhale ili bwino. Mukafulumiza, njira izingosinthasintha pachabe. Mukachedwetsa, anthu ayamba kudandaula makina asanazindikire. Palibe nambala imodzi imene onse agwirizana.

Nanga tunnel imene ili moyo koma ikudwala, ikutaya mapaketi ena kapena kuchedwetsa mawu a pa foni, ionedwe ngati yafa? Zida za SD-WAN, zolumikiza nthambi moyendetsedwa ndi pulogalamu, zimayeza kuchedwa ndi kutayika n'kusankha njira pazokha, koma kampani iliyonse ili ndi kayezedwe kake, ndipo chigamulo chikamachitika m'kati mwa pulogalamu yotsekedwa, woyang'anira amatsimikiza bwanji chifukwa chimene paketi inadzera uku osati uko?

Mainjiniya amatsutsananso ngati PBR iyenera kukhalapo n'komwe pamalo otere. Ena amati VRF, imene imapatsa gulu lililonse tebulo lakelake lodzazidwa ndi OSPF kapena BGP, imabwezera zonse poyera. Ena amayang'ana ku segment routing ya mu RFC 8402 ya 2018, imene imalemba njira yoti paketi itsate pa paketi pomwepo. Oikira kumbuyo PBR amayankha kuti VRF payokha siisankha potengera port, ndipo pa netiweki yaing'ono mizere isanu ya route-map ndi yosavuta kusamala.

Palinso funso la zida zowunikira zenizenizo. Zambiri zinamangidwa mozungulira interface ndi tebulo lalikulu, pamene chimene woyang'anira akufuna kudziwa n'chakuti cholinga cha lamulo chikukwaniritsidwa kapena ayi. Kodi choyezera chimodzi chokhala mu subnet iliyonse, kutanthauza gulu la maadiresi ngati 10.1.1.0/24, n'chokwanira kuimira mapaketi onse a mmenemo, malamulo akafika makumimakumi? Ndipo pamene uthenga wambiri tsopano ukuyenda wobisidwa, wochuluka ukudzera pa port 443 yomweyo, kodi malamulo osankha potengera port adzapitiriza kusiyanitsa chiyani ndi chiyani?